Ndowa ya Amayi Lettie

Ku Katondo konse kunalibe munthu woumira madzi ngati Amayi Lettie Mbewe. Anachoka ku Katete mu 1968 kutsata amuna awo, a Yoram, amene ankagwira ntchito ya njanji kuno ku Kabwe. Anapeza mpopi umodzi wa nyumba khumi, ndipo kuyambira pamenepo dontho lililonse ankalidziwa dzina. Madzi otsukira mbale ankapita ku nthochi. Osamba, munthu ankaimirira m'beseni kuti akolopere m'nyumba, otsala n'kukathirira repu kuseri. Repu ameneyo ndiye analera ana asanu ndi mmodzi, musamuone kuchepa.

Chaka cha chilala cha 1987 mpopi unkangotsokomola m'mawa basi. Ndi chaka chomwecho mwana wawo Fabian anakwatira Exildah, mtsikana wachibemba wa ku Kamushanga. Mayiwo anamukonda zedi mpongozi wawoyo, poti anali wakhama, ngakhale Chinyanja ankachita chotola. Anamuuza lamulo limodzi lokha.

"Mwananga, pakhomo pano sititaya madzi. Ukamva munthu akuti akukataya madzi, kaya ndi ndani, mthamangire ndi ndowa iyi."

Lamlungu lina masana kunabwera akulu a mpingo awiri, ali m'majekete awo. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, akumwa thobwa. A Yoram ananyamuka mwaulemu nati, "Pepani akuluakulu, ndikatayeko madzi."

Abale inu! Exildah anangoti ndowa gwi, liwiro pambuyo pa apongozi ake aamuna. Anawapeza pakhomo pa chimbudzi, nagwada, ndowa ataikweza m'mwamba, nawaitana kuti bambo m'Chibemba chakwawo.

"Batata, musataye! Ikani umu, ni ya repu!"

Mmodzi wa akulu a mpingo aja thobwa linamutulukira m'mphuno. A Yoram anauma gwa, dzanja lili pa lamba. Amayi Lettie anagwira kumutu. Mayo ine! Zaka zonsezi sanaganizepo kuti kwathu kutaya madzi ndi kukodza, ndipo mwana wa ku Kamushanga akanazidziwira kuti? Apongozi aamuna, munthu woti ukakumana naye umapatuka njira!

Fabian atamunong'oneza tanthauzo lake, Exildah analira chokweza. M'mawa kutacha anamanga zovala zake m'chitenje, nanena kuti akubwerera kwa makolo ake, poti nkhope ya apongozi ake sangaionenso. Mayiwo mtima unawasweka. Anapita kaye kwa amuna awo.

"Bambo, wolakwa ndine. Mawu aja anatuluka pakamwa panga. Mwanayu wangomvera, ndipo akachoka ndamuchotsa ndine."

A Yoram anangoti, "Kamuuzeni kuti sindinamve kanthu."

Kenaka mayiwo anachita zimene Katondo sanaonepo. Anatunga ndowa yodzaza ndi madzi oyera a m'dilamu, madzi akumwa enieniwo, nawatenthetsa, n'kukaika kubafa popanda beseni.

"Kasambe, mwananga. Madziwo ayende pansi, ndakulola. Repu ndingadzale wina, koma iwe ndikakutenganso kuti?"

Exildah analowa kubafa. Mayiwo anaima panja, akudikira kuona madzi awo akutsetsereka m'ngalande, koma ngalande inali youma. Chitseko chitatseguka, mtsikanayo anatuluka atanyamula beseni lodzaza, limene anapita nalo mobisa m'chitenje chija. Anawadutsa, nalunjika kuseri kwa nyumba, kumene kunali repu.