Mayi Teleza, Amene Ankayankha Mochedwa

Mayi Teleza Malizani, a mphakati wathu wa ku Masambanjati, ukawafunsa funso yankho linkabwera iwe utaiwala kale. Bambo awo, ochokera ku Mozambique, analinso otero. Ali mtsikana anabwereza katekisimu, osati chifukwa chosadziwa, koma aphunzitsi ankadumphira wina iwo asanatsegule pakamwa. Atakula ankathyola tiyi pa esiteti, ndipo akapitawo anasiya kuwakalipira za kuchedwa, poti mudengu mwawo simunkapezeka tsamba lokhwima.

Mwana wawo Jonas anatengera. Mu 1998 anadwala: nyengo zina osagona, kuimba, kulonjeza kugula esiteti yonse, nyengo zina kungodzitsekera m'nyumba. Anthu ankati walodzedwa. Mayi Teleza anapemphera korona, kenako anapita naye kuchipatala. Adokotala anati matenda okweza ndi kutsitsa maganizowa amayenda m'magazi, ndipo kuganiza pang'onopang'ono kumatha kuonekanso mwa abale amene sakudwala.

"Ndiye ndinamupatsa ndine?" anafunsa patapita kanthawi.

"Osati mwadala, mayi."

"Chabwino. Mphunonso ndinamupatsa, sanadandaule."

Jonas atapeza bwino anafunsira Rhoda wa ku Nsabwe. Ankhoswe ake anapangana zobisa matendawo, kuopa kuti ukwati ulephereka. Tsiku la chinkhoswe, amalume a Rhoda anafunsa ngati kubanjako kuli chovuta. Ankhoswe anayankha msangamsanga kuti palibe, mwambo n'kupitirira. Anthu atayamba kudya, Mayi Teleza anakweza dzanja.

"Funso lija. Chilipo. Mwanayu amamwa mankhwala a maganizo, ndipo sadzasiya. Akabwera kuchikamwini inu osadziwa, adzamuthandiza ndani?"

Ine ndinalipo, ndipo ndinachita mantha. Jonas anazyolika. Koma amalume aja anaphulika kuseka.

"Rhoda anatiuza kale, mayi. Timangofuna timve kwa inu. Mukanabisa, tikanayalula mphasa n'kumapita."

Ukwati unadalitsidwa m'tchalitchi, ndipo kuyambira pamenepo mumphakati mwathu wodwala maganizo sitimubisanso.

Mayi Teleza anatisiya mwamtendere mu 2009, atalandira masakramenti. Tsikulo anaitana Rhoda, n'kuloza mdzukulu wawo Hazel amene anakhala phee kumiyendo kwa bedi.

"Kameneka ndi kathu, kamayankha mawa. Musamakakalipire, muzikadikira. Koma kakadzayamba kusagona, mudzapite nako kuchipatala. Pokhapo, mwananga, mudzathamange."