Meseji ya Mbewu Inapuma Osatsanzika

Lachiwiri azakhali anga anatulukira kwathu ku Kapata kuchokera ku Chipangali, foni ya mabatani ili pamfundo ya chitenje.

"Mwanawe, kafoni aka kadwala. Mvula yagwa kawiri, koma sikanandiuze tsiku lokatenga mbewu."

Chaka ndi chaka kopaletivu yawo inkatumiza meseji mbewu ikafika. Ndinakafufuza kafoniko ngati sing'anga: kali bwinobwino. Tinauyamba wa ku ofesi ya kopaletivu.

Mayi wa pakompyuta anatilandira ndi nsangala. "Za mameseji zija tinazipumitsa, amama. Zinakalamba. Lomba zonse zili pa apu."

"Apu ndiye ndani?" anafunsa azakhali.

Ine ndinafunsa langa: kodi munawauza anthu?

"Tinalengeza katatu konse."

Kuti?

"Pa apu pomwepo."

Ndinaseka mpaka misozi, koma pansi pa mtima ndinapsa. Uku ndi kuika kalata yoitanira anthu ku ukwati m'thumba la mkwati.

Sindikukana, makina amakalamba. Ngakhale bambo anga anapuma pa uphunzitsi. Koma sanangosowa ngati mbuzi yobedwa. Makolo a ana anamva miyezi ikadalipo, makiyi anaperekedwa, kaundula wa ana anawerengedwa dzina ndi dzina pamaso pa wolowa m'malo, kenaka tinadya nkhuku.

Nanga makina bwanji timangowathimitsa ngati nyali? Chatsopano chikamabwera timaitana alendo, kudula riboni, kujambulitsa. Chakale chikamapita, zii. Ife a mafoni otsetsereka ndi chala takwera pamsana pa njovu, ndiye tikuti kunja kulibe mame.

Dzina la azakhali pa apu panalibe. Posamutsa maina, ena anatsalira m'kompyuta yakale, imene tinaipeza pakona itafunditsidwa nsalu, pamwamba pali ketulo. Mayi uja, Mulungu amudalitse, anaiyatsa. Inatsokomola, n'kulavula dzinalo. Mbewu ya chimanga inali itatsala matumba owerengeka, ndipo limodzi linakhala lathu.

Pokwera basi ndinati, "Basitu azakhali, mwapulumuka."

Sanaseke. "Ine ndili ndi iwe m'tauni. Nanga aNaphiri, amasiye aja oyandikana nane? Mizere anaunga kalekale. M'mawa uliwonse amaika foni pachitsa, pamene pamagwira netiweki, kuti ikalira aimve."

Inu amene munazimitsa makina aja, ndani apite akawauze aNaphiri kuti siidzaliranso?