Bambo amene anamwalira kanayi

Kunyumba yosamalira okalamba ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, komwe ndagwira ntchito mpaka msana kupindika, kunali bambo wina wa ku Australia amene khoma la chipinda chake linadzaza zithunzi. Tsiku loyamba kuwasambitsa ndinawerenga zithunzi zitatu za ukwati, mkwati yemweyo koma akwatibwi osiyana, ndi ana osachepera asanu ndi awiri. Koma likafika Lamulungu, anzawo akulandira alendo, iwo ankangokhala pawindo kuyang'ana abakha m'ngalande.

Ine mtima wanga suchedwa kuwira. Mwezi usanathe ndinawafunsa: "Bambo, akazi atatu, ana mbwee, palibe ndi mmodzi yemwe wobwera ngakhale ndi nthochi? Munawalakwira chiyani?"

Anaseka mpaka mano oikirira anatsala pang'ono kugwa. Anandiuza kuti moyo wawo wonse ankachita masewero a pa TV, ndipo akazi ndi ana a pazithunziwo anali a m'masewerowo. Wachiwiriyo akuti anamukwatira Lachiwiri, pofika Lachisanu iwo n'kugwa ndi ndege. M'masewerowo anamwalira kanayi konse: ndege ija, mfuti, kumira m'nyanja, ndi mtima. Ankanyadira kwabasi, amvekere m'dziko lonse lija munalibe wodziwa kufa ngati iwo.

Mkazi weniweni anali mmodzi, wa mu Glasgow momwemuno, ndipo anatisiya kale. Mwana weniweni analinso mmodzi, mayi wamkulu ndithu, wokhala ku Easterhouse, dera lina la mzinda womwewu. Chithunzi chake chinali m'dilowa, pansi pa masokosi. Anakulira kuno ndi mayi ake, n'kumaona bambo ake pa TV akunyamula ana a eni. Ndinamuimbira foni katatu, katatu konse anati abwera akapeza mpata. Zinandiwawa, chifukwa mkuluyo ankameta ndevu Lamulungu lililonse kumuyembekezera.

Kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Ndinapempha chilolezo kwa abwana, n'kuitana amayi a mvano a kumpingo kwathu kuti adzawazonde. M'mawa wa tsikulo ndinaimbiranso mwana uja: "Lero kukubwera a mpingo kudzaona bambo anu. Zingakhale bwino mutapezeka." Kwa ife amenewa ndi mawu wamba, timazonda ngakhale wachimfine. Ndinaiwala kuti kuno a mpingo amaitanidwa munthu akatsala madzi amodzi.

Amayi anafika asanu ndi atatu, mabulauzi oyera, mipango yoyera, nthochi m'jumbo. Mipando inali iwiri, choncho anayala zitenje n'kukhala pansi kuzungulira bedi. Anayamba nyimbo, ndipo mwatsoka anasankha yokoka pang'onopang'ono ija.

Ali mkati moimba tinamva munthu akuthamanga m'khonde, akufunsa chipinda. Mkulu uja anawazindikira mawuwo. Ndikuona ndi maso angawa, anatsinzina, anapinda manja pachifuwa, n'kusiya kukamwa kuli yasa. Mwanayo analowa tsitsi litanyowa ndi mvula, anaona amayi ovala zoyera pansi, anaona bambo ake ali zii. Anagwada pambali pa bedi n'kuyamba kulira. Mayi wina wa mvano, amene saphonya maliro alionse, ataona mwana wa mwini akulira sanafunse zambiri, anangokweza: "Mayo ine!" Enanso analandira.

Ine ndinkaona chala chachikulu cha kuphazi kwa mkuluyo chikuvinira nyimbo pansi pa bulangete. Ndinapsa mtima. Ndinachigwira chalacho n'kuchifinya. "Bambo, dzukani. Kufa kachisanu muno sitilola."

Anatsegula diso limodzi. Mayi wa maliro uja anathawira kubafa.

Mwanayo anaimirira pang'onopang'ono. Sanakuwe. "Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi tsiku limene munamira," anatero. "Ndinalira sabata yonse. Amayi anandiuza kuti ndi sewero, sindinakhulupirire. Ndinkadikira kuti muimbe foni ndimve mawu anu. Simunaimbe."

Mkuluyo analira, ndipo kulira kwake kunali konyansa, mamina ndi dovu, kosiyana ndi kwa m'masewero kumene ankandionetsa pa foni. Anangoti, "Pepa, mwana wanga."

Mwanayo anatola chikwama chake. Mumtima ndinati basi, ndaononga zonse, ndipo mawa abwana andiitana. Ndinachita manyazi, n'kuyamba kupinda zitenje za eni ake. Koma iye anaika chikwamacho pampando, anakhala pabedi, n'kupisa m'jumbo la amayi a mvano. Anatulutsa nthochi imodzi, anaisenda, n'kuwapatsa bambo ake m'manja.

"Idyani," anatero. "Ndipo musadzayerekezenso. Imfa yeniyeniyo ikadzafika ndikufuna ndidzakhale pompano, osati kuonera pa TV."