Loko wamkuwa wa bambo anga

Bambo anga anandisiyira bokosi lachitsulo ndi loko wake. Lokoyo ndi wamkuwa, alibe kiyi. Ali ndi timphete tozungulira tolembedwa zilembo za Chiarabu, ndipo amatseguka pokhapokha zilembo zoyenera zikakhala pamzere. Anawapatsa ndi mnzawo wachisilamu wa ku Mangochi, amene ankalima naye fodya pa esiteti ina ku Chisepo. Iyeyo ankati agogo ake anabwera naye lokoyo kuchokera kunyanja yamchere.

Bambo anali mkulu wa mpingo, Chiarabu sankachidziwa. Ndiye anangopaka kadontho ka utomoni wa fodya pachilembo choyenera cha mphete iliyonse. Madontho akuda akalunjikana, loko watseguka. Inenso ndinkatsegula choncho.

Sabata ya ukwati wa mwana wathu wamkazi, akazi anga anakwecha chilichonse m'nyumba. Kwathu kuno alendo akamabwera, ngakhale chivundikiro cha poto chiyenera kuwala. Loweruka m'mawa ndinapita kubokosi kukatenga suti yanga, ndipo ndinapeza loko akunyezimira. Madontho onse palibe.

"Wagwira loko uyu ndani?"

"Ndine," anatero akazi anga. "Phulusa ndi mandimu. Simuthokoza?"

"Mayi, mwatsuka kiyi."

"Litsiro lija linali kiyi? Nanga zaka zonsezi osanena bwanji? Inu pakamwa mumatsegula pokalipa basi."

Ine ndine wamtima wapachala, sindikana. Ndinapotokola timpheteto mpaka thukuta kamukamu, uku galimoto ya ukwati ikuliza hutala panja. Kenako ndinakatenga hamala.

"Menyani, bambo," anatero. "Koma apongozi anga akadzafunsa kumwambako, mukayankhe nokha. Ine ndinangotsuka."

Ndinakweza hamala. Apa m'pamene ndinaona zimene litsiro linkabisa: timasamba ndi timaluwa tozokota tolukanalukana, madontho ake aang'ono ngati njere za fodya. Munthu wina, kutali uko, anakhala pansi n'kugogoda zonsezi pang'onopang'ono osapsa mtima. Ine ndiziphwanye chifukwa cha suti? Ndinaika hamala pansi.

Mwana wanga ndinamuperekeza kuguwa nditavala jekete ya mlamu wanga, munthu wamfupi ngati chitsa. Manja a jeketeyo ankathera chapafupi ndi chigongono, mabatani osakumana. Abusa anandiyang'ana, n'kutsokomola, n'kuyang'ana kudenga. Pazithunzi zonse za tsikulo ndabisa mikono kumbuyo ngati msilikali, ndipo mkwatibwi akuoneka akuluma milomo kuti asaseke.