Dzino Linalibe Mlandu

Zinayamba Lachiwiri la sabata yatha, nthawi ili teni koloko m'mawa, mu shopu ya Che Saidi ku Old Town.

Che Saidi ndi telala. Akhala akundisokera zovala kuyambira ndisanakwatire. Tsikulo ndinapita kukayesa jekete. Mwana wa mchemwali wanga akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo ine ndi akulu anga ndife ankhoswe akuchikazi. Wolankhula pamwambowo ndine. Munthu wolankhula pagulu amafunika jekete yomukhala.

Che Saidi anandiveka jekete ija n'kuyamba kukonza kolala, ataluma mapini. Nkhope zathu zinayandikana. Ndinawafunsa ngati manja sanatalike. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, anachotsa mapini aja pakamwa, n'kusuzumira pakhomo ngati pali munthu.

"Achimwene, tinadziwana kale. Ndinene?"

"Nenani."

"M'kamwa mwanu muli vuto. Fungo ili si la anyezi, si la njala. Ndi la nkhama zodwala. Malemu akulu anga ankamveka chonchi, mano asanayambe kuwathera."

Ndinafuna kuvula jekete n'kutuluka, koma inali ndi mapini paliponse. Kuivula mwaphuma kunali kudzibaya. Choncho ndinaima chilili ngati chidole cha m'sitolo, n'kumamvetsera.

"Mukatsuka mano, mumalavula magazi?"

"Nthawi zina."

"Nthawi zina, kapena tsiku lililonse?"

Che Saidi anangobwezera mapini pakamwa n'kupitiriza ntchito yawo. Manja a jekete anali atatalikadi.

Ndikuuzeni zoona. Magazi ndinayamba kuwaona kalekale. Ndinkawaona mu sinki. Ndinkawaona pa chitsononkho ndikadya chimanga chootcha. Ndinkati mswachi ukundibaya. Ndiye mbali imene inkatuluka magazi ndinasiya kuitsuka kuti ipole. Chilonda cha pamwendo sitichikhula, si choncho? Ndinkachukucha madzi amchere n'kumadziona ngati munthu wosamala.

Panalinso dzino limodzi lakutsogolo, lam'munsi, lomwe linali litayamba kugwedera. Palibe amene ankadziwa kupatula lilime langa. Ndinali nditagamula kale kuti ndikalizulitsa ukwati usanafike, kuopa kuti lingadzagwere m'mbale ya mpunga pamaso pa akuchimuna.

Nditafika kunyumba ku Area 47 madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinapeza mayi akunyumba akusadzula nkhwani pakhonde.

"Amake Chisomo, kodi m'kamwa mwanga mumanunkha?"

Manja awo sanaime. "Wakuuzani ndani?"

"Ndiye kuti ndi zoona."

"Kodi inu mumaganiza kuti zenera la galimoto ndimatsekuliranji, mpaka mwezi wa Juni?"

"Munkati mukumva kutentha."

"Nditavala juzi?"

Ndinakhala pansi. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Ndikanayambira pati, bambo? Ndinakugulirani mswachi watsopano, munati wakale udakali wabwino. Ndinaika maswiti onunkhira m'galimoto, munapatsa alonda. Chinatsala n'chiyani? Zenera."

Pamenepo ndinakumbukira achinyamata a ku ofesi kwathu ku City Centre. Msonkhano uliwonse usanayambe, mmodzi ankanditambasulira chingamu ndi manja awiri. Ine ndinkati ana oleredwa bwino. Analidi oleredwa bwino. Vuto linali lomwelo.

Lachitatu m'mawa ndinapita kwa dokotala wa mano. Anali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndisanakhale n'komwe pampando ndinanena zimene ndinabwerera.

"Ndabwera kudzazulitsa dzino. Ili."

"Mwaliweruza kale kunyumba?" anatero akumwetulira. "Tayasamulani, timve mbali yake."

Anayang'ana nthawi yaitali. Anali ndi kachitsulo kowonda komwe ankayezera pakati pa dzino ndi nkhama, akutchula manambala kwa mnzake wolemba. Kenaka anajambula m'kamwa n'kundionetsa chithunzi.

"Bambo, dzino ili lilibe mlandu. Silinabooke, silinawole. Chadwala ndi chomwe chimaligwira. Kunyumba muli ndi mpanda?"

"Ulipo."

"Mzati ukayamba kugwedera chifukwa dothi lakokoloka, mumazula mzatiwo n'kusiya madzi azikokololabe? Mawa ugwedera wotsatira. Mukazula dzino ili lero, chaka chamawa mudzabwera ndi linzake."

Matendawo ndi chiseyeye. Dzinali ndinkalidziwa, koma ndinkaliona ngati la ana osadya zipatso. Zimene anandifotokozera ndi izi, ndipo ndizinena monga ndinamvera.

Tsiku lililonse pamano pamakhala kautoto kofewa, konanda, kodzaza tizilombo tosaoneka ndi maso. Kamakonda pamzere pomwe dzino limakumana ndi nkhama, ndi m'mipata ya pakati pa mano. Mukakachotsa, nkhani yatha. Mukakasiya, nkhama zimatupa, zimafiira, zimatuluka magazi mukangozikhudza. Kautotoko kakakhalitsa kamauma ngati simenti, ndipo pamenepo palibe mswachi umene ungakachotse.

Ndiye taonani zimene ine ndinkachita. Magazi ankandiuza kuti pano pali litsiro, tsuka. Ine ndinkamva kuti pano pali chilonda, usakhudze. Ndinasiya kutsuka pamalo enieni pomwe pankafunika mswachi. Ndinkadyetsa matenda ndi manja anga, mwaulemu, tsiku lililonse.

Dokotala anati chiseyeye chikadali pachiyambi chimatha. Mukamatsuka bwino, patapita sabata imodzi kapena ziwiri magazi amachepa kenaka amasiya. Koma chikalowa pansi, nkhama zimasiyana ndi dzino, pamakhala timatumba tosunga litsiro ndi mafinya, ndipo fupa logwira mano limayamba kudyeka. Fungo limachokera m'timatumbamo. Fupa lodyekalo silibwerera mwakale. Chimene chimatheka ndi kuimitsa matendawo kuti asapitirire.

Choopsa chake n'chakuti sichipweteka. Dzino lobooka limakuthamangitsani kuchipatala. Chiseyeye chimakusiyani muzipita ku ntchito, ku tchalitchi, ku maliro, mpaka tsiku lomwe mudzaluma nzimbe dzino n'kutsalira pomwepo.

Anandifunsa ngati ndimasuta fodya. Sindisuta. Anati fodya amakulitsa matendawa, ndipo amabisanso magazi, moti wosuta amazindikira mochedwa. Anandifunsa ngati ndinayezetsapo shuga. Anati shuga ndi chiseyeye zimathandizana: shuga wokwera amafooketsa nkhama, nkhama zodwala zimavutitsa shuga kutsika. Ndinalonjeza kukayezetsa, ndipo tsiku lomwelo ndinayezetsa.

Kenaka anayamba kupala simenti ija ndi kamakina kolira ngati udzudzu waukulu. Sindinganame kuti zinali zokoma. Koma zinali zopiririka, ndipo pamalo ozama anayamba wabaya mankhwala ochititsa dzanzi. Atamaliza, lilime langa linapeza mipata yomwe linaiiwala kalekale.

"Nanga dzino lija?" ndinafunsa.

"Likhale. Fupa latsalapo lokwanira. Kutupa kukatha likhoza kulimbako. Ku ukwati mupita nalo. Ngati lidzafike ku ukwati wa mdzukulu, zimenezo zili kwa inu, osati kwa ine. Mubwerenso pakatha masabata asanu ndi limodzi ndidzaone ntchito yanu."

Ntchito yangayo si yovuta. Kutsuka kawiri patsiku, m'mawa ndi pokagona, mphindi ziwiri zathunthu, ndi mankhwala otsukira mano. Mswachi ukhale wofewa, ulunjike pamzere wa nkhama, uziyenda pang'onopang'ono. Osakhula ngati ukukwecha mphika wopserera. Ukasakaza tsitsi lake, ugulidwe wina. Pakati pa mano pazilowa ulusi wake wotsukira kapena timiswachi ting'onoting'ono topangidwira mipatayo, osati kamtengo ka machesi komwe ndakhala ndikutokosera mano zaka zonsezi. Ndinafunsa za mswachi wa mtengo, womwe Che Saidi amayenda nawo m'thumba nthawi zonse. Anati umagwira ntchito ngati wautafuna n'kufewa, ndipo ukufika mbali zonse, mkati ndi kunja. Madzi amchere anati amaziziritsa nkhama koma sachotsa simenti. Makala ndi phulusa amangopala mano. Makapisozi ogula pamsika sachotsa litsiro lomwe lakhala pansi pa nkhama.

Ndinatuluka ndi mano anga onse. Koma chimene chandisowetsa mtendere sabata ino si dzino. Ndi zenera lija.

Tawerengani anthu amene ankadziwa. Mkazi wanga. Ana a ku ofesi. Mwina anzanga a ku tchalitchi omwe timaimba buku limodzi. Mwina ngakhale alonda omwe ankalandira maswiti. Onsewa amandifunira zabwino. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa. Chifukwa chiyani? Ulemu.

Ife timauzana zambiri. Tayala likaphwa, munthu wosakudziwa amakuthamangira pamsewu akuloza. Kolala ikapindika, mayi wa pabenchi yakumbuyo amakukonza osapempha. Koma munthu wamkulu akamanunkha m'kamwa, tonse timasanduka osamva fungo. Timapendeketsa mutu pang'ono. Timagwira mphuno ngati tikukanda. Akachoka, timayang'anizana. Ndipo munthu akamakula, akamakwera paudindo, m'pamenenso omuuza amachepa. Bwana wa ku Area 12 ali pangozi kuposa wosamalira maluwa ake, chifukwa wosamalira maluwayo ali ndi anzake omunyoza.

Kodi ulemu umenewu ukuteteza ndani? Ine unanditeteza ku manyazi a mphindi zisanu, n'kundidyera fupa lomwe silidzabwerera.

Mwini wake sangadzimve. Mphuno imazolowera fungo lake. Magazi amawaona yekha mu bafa n'kudzipezera chifukwa. Fungo ndi chizindikiro chokhacho chomwe chimafika kwa ena. Ngati enawo asankha kutsekula zenera, uthenga umatuluka ndi mphepo.

Chizolowezi chinanso ndi chomwe ndinalowa nacho kwa dokotala. Ambirife timadziwa dokotala wa mano ngati munthu wozula basi. Timapita tsaya litatupa, chigamulo chili kale m'manja. Galimoto timaipititsa ku sevisi isanafe. Pakamwa pomwe timadyera, kulankhulira ndi kupempherera timadikira pawonongeke. Timati mano kutha ndi ukalamba. Ukalamba suzula mano. Che Saidi ndi wamkulu kwa ine, koma amaduladula ulusi ndi mano tsiku lonse.

Sindikunena kuti tiziimika anthu pamsewu. Pali kauzidwe kake, ndipo telala uja anandiphunzitsa. Anaonetsetsa kuti tili awiri. Anapempha chilolezo. Ananena kamodzi, mosazungulira, osaseka. Sananene kuti ndine wauve. Ananena kuti ndikudwala. Kenaka anabwerera ku ntchito yake n'kundisiya ndimeze ndekha. Ulemu weniweni ndi umenewo.

Inunso mukuwerenga muli ndi munthu wanu. Mwamuganizira kale, ndikudziwa. Mwina mumagona naye chipinda chimodzi. Mwina ndi amene anakulipirirani sukulu. Mudikira mpaka liti? Mpaka adzayambe kuseka atagwira pakamwa?

Ndipo ngati m'galimoto mwanu zenera limatsekuka mwezi wa Juni, funsani.

Ine sindingadzichotse pamlanduwu. Akulu anga, nkhoswe mnzanga uja, amakhala ku Area 15. Chaka chonse chathachi, tikamakambirana za banja, ndakhala ndikusankha mpando wapatali. Ndinkati ndikuwapatsa ulemu. Pa Khirisimasi ndinawaona akudula nyama tizidutswa ting'onoting'ono, n'kumatafunira mbali imodzi. Ndinayang'ana kumbali.

Lachinayi m'mawa ndinaima pa sinki ndi mswachi wofewa. Ndinayambira pomwe ndinkapathawa, padzino logwedera lija. Magazi anatuluka. Sindinasiye. Ndinamaliza mphindi ziwiri zanga ndikuyang'ana wotchi.

Potuluka ndinawauza amake Chisomo kuti kuyambira lero zenera lisamalankhule m'malo mwawo. Anati amva, koma ayamba aona kaye.

Ndinawasiya pantchito pawo. M'malo molunjika ku ofesi ndinakhotera ku Area 15. Akulu anga ndinawapeza pakhonde akumwa tiyi, akunyika buledi kuti afewe. Alamu anali kuseri. Ndinakoka mpando, osati wapatali uja, koma wapafupi.

"Kwagwanji m'mawa muno?" anafunsa.

Ndinaika mswachi watsopano patebulo, pambali pa kapu yawo.

"Achimwene," ndinatero, "ndinene?"