Mwala wa mapaundi khumi

Anabwera Lachiwiri m'mamawa, nyengo yogulitsa thonje, patapita zaka zitatu nkhondo ya Ajeremani itatha. Asikali awiri ndi mesenjala wa boma. Sanagogode, poti chitseko changa kwa Malemia chinali cha bango. Mesenjala anangoti, "Bwana akufuna inuyo, pepala lanu ndi mwala wanu." Mkazi wanga anafunsa ngati mwala nawonso wapalamula. Palibe anaseka.

Sukulu ndinailekera panjira, aphunzitsi atatopa nane, koma manambala ndinatuluka nawo. Ntchito ndinadzilemba ndekha. Ndinkayenda m'misika ya thonje, kufunsanso opalasa miyadiya, mabwato a pamtsinje, ochokera kwa Apwitikizi, n'kulemba mitengo yonse papepala. Pepalalo ndinkalikhoma pamkuyu wa pamsika ndi kuwerengera amene sadziwa kuwerenga. Malipiro anga anali nsomba ndi mapira.

Ndinalinso ndi mwala wa mumtsinje, woyezedwa pasikelo ya kunjanji: mapaundi khumi ndendende. Tsiku lina masana, mzungu wa kampani yogula thonje atagona, kalaliki wake anandilola kuuika pasikelo yawo. Unalemera mapaundi asanu ndi atatu. Ndinalemba zimenezo. M'mawa mwake alimi anasenza madengu awo kubwerera nawo kumudzi.

Kuboma funso linali limodzi: ndani anandilola kukhudza sikelo? Kalaliki uja anali momwemo, pabenchi, malaya oyera, waitanidwa ngati mboni ya kampani. Anali ndi ana asanu. Ndikanangomuponyera diso, basi, ntchito yatha, unyolo pamwamba. Ndiye ndinayang'ana buluzi wa pakhoma mpaka khosi kuwawa, uku mumtima ndikudzifunsa ngati sanali iyeyo wondinenera.

Ndinayankha kuti mwalawo unakwera wokha, poti unkafuna kudziwa ngati waonda. Womasulira anandiyang'ana nati, "Achimwene, ndimasuliredi zimenezi?" Ndinati masulirani.

Za masiku anayi otsatira sindilemba zambiri. Ndinaphunzira kugona chafufumimba. Msikali wogwira chikoti ankawerenga mokweza, ndipo ndimuchitire umboni: iye yekha m'boma monsemo sankaba pakuwerenga. Atamaliza anati, "Alembi anzako ali ndi mabwana. Iwe akudandaulire ndani?"

Sabata yachitatu anandiponyera mnzanga m'chitolokosi. Ankati ndi msodzi wa kudambo, wamangidwa chifukwa cha msonkho. Munthu wokoma, wogawa fodya, chilichonse "pyadidi, pyadidi," Chisena cha "zabwino." Koma manja ake anali osalala ngati a m'busa wa mpingo, ndipo msodzi wanji wosafunsa ngati madzi akwera? Ankangofunsa za sikelo. Ndinamunong'oneza dzina la apongozi anga, n'kumulumbiritsa kuti asauze munthu.

Loweruka msodzi anamasulidwa. Lolemba asikali anayenda tsiku lathunthu kukagwira apongozi anga. Anthu anawalandira bwino asikaliwo, n'kuwaperekeza kumanda kumene mkuluyo anagona zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Atabwerako ndinagonanso chafufumimba, koma ulendo uno ndikuseka pang'onopang'ono, chifukwa nthiti sizinkalola.

Ananditulutsa Lachinayi lina, mvula itayamba, patatha miyezi isanu. Mlandu sunazengedwe. Potuluka ndinaona mwala wanga utatsamiritsa chitseko cha ofesi ya bwana kuti chisamenyeke ndi mphepo. Unapeza ntchito ya boma ine ndisanaipeze.

Kunyumba ndinapeza mwala wina pakhonde, wolembedwa 10 ndi utoto wa pamabelo a thonje. Mkazi wanga anati anaupeza pomwepo pochokera kumunda. Dzanja ndinalidziwa: kalaliki. Kuthokoza kodi, kapena msampha woti andigwirenso? Ndinauzungulira masiku atatu osaukhudza. Mpaka kalalikiyo anamwalira, tinkapatsana moni panjira, osafunsana kanthu.

Lero ndikumva kuti olemba zamalonda m'nyuzi ali ndi mabungwe, amaphunzitsidwa ntchito, ndipo mmodzi akagwidwa anzake amakafunsa kuboma. Zabwino zimenezo, ana inu. Ine wondifunsira ndinalibe. Chitseko cha ndende chitatseguka sindinamve kuti ndamasuka, poti aliyense wondimwetulira ndinkayamba ndamuyang'ana manja.

Tsiku lachinayi ndinautola mwalawo. Koma ndisanapite nawo kumsika kulikonse, ndinayamba ndadzera kunjanji kukauyeza ndekha.