Mikwamba Khumi ndi Iwiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anadzanditenga kumudzi kwathu ku Dowa kuti ndizikakhala nawo ku South Bend, ku America, komwe ankagwira ntchito ya unamwino. Tsiku loyamba la sukulu, akundikulunga mpango m'khosi, anandilangiza kuti, "Za kumudzi usamazitchuletchule, wamva? Ana akuno sachedwa kuseka."

Ndinamvera mopitirira muyeso. Popeza zonse zimene ndinkadziwa zinali za kumudzi, ndinangotseka pakamwa. Patatha miyezi isanu, aphunzitsi athu, Mayi Hollis, anaitanitsa azakhali. Anati zolemba zanga zinali zaukhondo, koma sankadziwa ngati ndimamva zimene amaphunzitsa. Ndikapanda kuyamba kulankhula m'kalasi chaka chisanathe, ndibwereza giredi seveni.

"Iwe Tadala, ine ndikuwekha madabulo shifiti, iwe ukufuna kuripita?" anatero azakhali m'galimoto pobwerera. "Achimwene ndikawauza chiyani?"

"Ndiyesetsa, azakhali," ndinayankha maso ali pamaondo.

M'mwezi wa Malichi kalasi yathu inapita ku Indianapolis kukaona nyumba yosungiramo zinthu zakale. Basi yachikasu inayenda pafupifupi maola atatu pakati pa minda yathyathyathya, ziputu za chimanga zikusuzumira m'chipale chofewa chotsalira. Ine ndinakhala kuwindo, osalankhula ndi munthu.

M'chipinda cha zombo zamakedzana tinalandiridwa ndi bambo wina wachikulire wa ndevu zoyera. Anatulutsa chingwe chachitali chokhala ndi chitsulo kumapeto. Anati amalinyero akale ankachiponya m'nyanja kuti adziwe kuya kwa madzi, ndipo muyeso wake ankautcha "fathom", mawu amene masiku ano amapezeka kwambiri m'mabuku akale. Kenaka anafunsa ngati alipo amene anganene kutalika kwa chingwecho popanda rula. Anyamata anachiyala pansi n'kumaponda mapazi. Wina anatulutsa foni, aphunzitsi n'kumulanda.

Chingwecho chinafika kwa ine kuti ndingopatsira mnzanga. Koma chinali chakhonje, chokhakhala, ndipo manja anga anachizindikira. Bambo anga ndi okumba zitsime. Akatuluka m'dzenje thupi lonse lili katondo, ankakoka chingwe n'kumachitambasula pachifuwa, dzanja ili uku, ili uku, ine nditakhala pamulu wa dothi ndikuwawerengera mikwamba. Sindinaganize n'komwe. Mikono inangotambasuka yokha, milomo n'kumanong'ona: umodzi, iwiri, itatu. Pofika pachitsulo chija ndinazindikira kuti aliyense m'chipindamo akundiyang'ana.

"Wapeza ingati?" anafunsa achikulire aja.

"Khumi ndi iwiri," ndinatero m'Chingerezi.

"Wayandikira. Ndi khumi."

Mnyamata wina kumbuyo anaseka, monga momwe azakhali ananenera. Nkhope inanditentha, ndipo ndinafuna kuponya chingwecho pansi. Komatu chifukwa chake ndinkachidziwa. Bambo ankakonda kundiseka kuti, "Ukayeza iwe, Tadala, chitsime chimatalika." Ndinalumikiza timawu tanga ta Chingerezi. Ndinati sindinalakwitse kuwerenga, koma mikono yanga ndi yaifupi, pomwe muyesowo ndi wa mikono ya munthu wamkulu. Ndinawapatsa chingwe kuti ayese okha.

Anatambasula mikono, kalasi yonse ikuwerenga mokweza. Inakwana khumi ndendende.

"Amalinyero ankayeza chomwechi," anatero. "Anakuphunzitsa ndani?"

Apa ndinakumbukira malangizo a azakhali, koma bodza linandikanika. "Bambo anga. Amakumba zitsime ndi manja."

Palibe anasekanso. Mtsikana wina dzina lake Kayla anafunsa ngati bambo saopa kuti dothi liwagumukira. Mnyamata woseka uja anafuna kudziwa mmene amadziwira malo amene pali madzi. Ndinayankha mophotchola, ndikukodola ndi manja pomwe mawu andithera, mpaka tinakwera basi, Kayla n'kukhala pambali panga. Mayi Hollis ankangolemba m'kabuku kawo. Mawa lake m'kalasi anandiloza, ndipo ndinayankha. Chaka chitatha ndinapita giredi eyiti.

Chimene ndinkaopa kwambiri chinali kuulula kwa azakhali kuti ndaswa lamulo lawo. Madzulo a tsiku la ulendowo ndinawapeza kukhitchini, akadali mu yunifomu, ndipo ndinafotokoza zonse nditapinda manja. Anandiyang'ana, kapu ili m'manja. Kenaka anaika kapu pansi, n'kutambasula mikono pang'onopang'ono mpaka zala kugunda firiji.

"Chitsime choyamba cha achimwene chinali mikwamba isanu ndi inayi," anatero. "Ndowa ya dothi ndinkakoka ndine. Zaka zonsezi kuno sindinauzepo munthu."

Lero ndikuphunzira ku koleji ku Indianapolis komweko, ndipo manyazi sanandithere. Koma ndinamvetsa kuti sindinafike kuno wopanda kanthu, monga ndinkaganizira. Tsiku lija yankho langa silinafanane ndi la achikulire aja, ndipo chimene chinandipulumutsa chinali kudziwa chifukwa chake, nzeru imene ndinaitola pamulu wa dothi ku Dowa. Ndikaimbira foni bambo, amafunsabe ngati mikono inakula. Ndimawauza kuti chingwe chija ndinakachiyezanso chaka chatha, ndipo tsopano ndi mikwamba khumi ndi umodzi.